Msika wa mu Blantyre ndi wa ku Limbe: tikwere nayo tokha mbatata kapena tizingogulitsa konkuno?

mlimi_wakuMitondo

Abale anga a kuchigwa kuno, Chikwawa ndi Nsanje yemwe, ndili ndi funso ndipo ndikupempha amene anayendapo geni imeneyi andiyankhe zoona zokhazokha. Ife kuno ku East Bank, tsidya la kum'mawa kwa mtsinje wa Shire, madzi akaphwa timalowa kudimba, mbatata, nyemba, chimanga chachiwisi, pena tomato ndi anyezi, ndipo chaka chino mbatata yabereka ndithu. Koma vuto ndi lomwe lija la chaka ndi chaka, mavenda amabwera ndi galimoto mpaka pamsewu, mtengo amatchula ndi iwowo, thumba amabweretsa lawo lija losokerera pamwamba loti munthu mmodzi sanganyamule, ukakana amangoti basi tikagula kwa anzako, ndipo anzakowo amagulitsadi poti mbatata sungaisunge ngati chimanga, ndi kutentha kwa kunoku siichedwa kufumbwa.

Nde ife a gulu lathu la banki m'khonde tikuganiza zosonkherana tipeze galimoto tikwere nayo tokha ku Blantyre. Funso loyamba, mlimi wamba akafika pa msika waukulu wa mu Blantyre kapena ku Limbe amaloledwa kugulitsa yekha? Amayambira pati, amalipira chiyani?

Lachiwiri ndi la mbiri. Amalume anga amakonda kunena kuti kale msika wa m'tauni unali wa alimi, anthu ankakwera sitima ndi madengu awo kukagulitsa okha ku Limbe. Ndi zoona zimenezi? Nanga misika imeneyi inayamba bwanji, ndipo zinatani kuti lero mlimi azichita kuopa kulowamo?

Aphunzitsi_Ngabu

Achimwene, funso lanu lachiwirilo landikhudza kwambiri chifukwa ana athu ambiri akakwera kumtunda amadziona ngati alendo, pomwe tauni imene ija inakula ndi katundu wodutsa pakhomo pathu pano. Za mitengo ndi matikiti akuyankhani a geni, ine ndinene za mbiriyo.

Blantyre inayamba mu 1876 pamene amishoni a Church of Scotland anamanga mishoni yawo, dzinalo anatenga la kwawo kwa David Livingstone ku Scotland. Nthawi imeneyo njanji kunalibe, msewu wa galimoto kunalibe, khomo lolowera m'dziko muno linali mtsinje wa Shire. Sitima zapamadzi zinkachokera ku Zambezi nkukwera Shire, kudutsa Nsanje, Chiromo, mpaka kwa Katunga kufupi ndi boma la Chikwawa, kupitirira apo sizikanatheka chifukwa cha mathithi a Kapichira. Pamenepo katundu ankatsitsidwa ndipo amtengatenga ankasenza pamutu kukwera mapiri omwewa mpaka ku Mandala, ku sitolo ya African Lakes Company, nyumba yake ya 1882 ija ikadalipo mpaka lero. Mukamakwera chitunda cha Thabwa pa minibasi injini ikulira, muzikumbukira kuti makolo athu mapiri amenewo ankakwera wapansi, mtolo uli pamutu.

Komanso musaganize kuti malonda anabwera ndi azungu ayi. Amang'anja ankalima thonje nkumawomba nsalu, ankatcheza mchere, ankasula makasu, ankawamba nsomba, ndipo zinthu zimenezi zinkasinthanitsidwa ndi anthu a kumapiri. Livingstone mwini wake atafika kuno mu 1859 anapeza thonje likulimidwa kale.

Tsono msika wa m'tauni umabadwa pamene pali anthu ambiri odya koma opanda munda. Mishoni, masitolo, maofesi a boma, onsewo analemba anthu ntchito, anthuwo anafunika ufa, ndiwo, nkhuni tsiku ndi tsiku. Mbali inayi atsamunda anaika msonkho wa nyumba wofuna ndalama, nde munthu wa kumudzi anayenera kugulitsa kanthu kuti apeze ya msonkho. Ziwirizi zitakumana ndiye msika umenewo. Blantyre inakhala ndi khonsolo yake m'ma 1890, ndipo khonsolo ndi imene imanena kuti malonda azichitikira apa osati apo, nkumatolera ndalama ya msika. Limbe inabwera pambuyo, inakula chifukwa cha njanji yochokera ku Port Herald, kumene lero timati ku Nsanje, imene inafika ku Blantyre mu 1908, kuphatikizapo fakitale ya fodya ya Imperial Tobacco. Anali matauni awiri osiyana, aliyense ndi khonsolo yake, anawaphatikiza mu 1956. Nchifukwa chake mpaka pano mzinda ndi umodzi koma misika ikuluikulu ndi iwiri, wina m'mbali mwa mtsinje wa Mudi wina ku Limbe, ndipo uliwonse uli ndi khalidwe lake.

Pa funso loti mlimi anachokamo bwanji, ine ndimaona kuti sanachite kuthamangitsidwa tsiku limodzi, anangopanikizidwa pang'onopang'ono. Mbewu zikuluzikulu monga thonje lathu lija sizinkapita ku msika wa m'tauni nkomwe, zinkagulidwa ndi mabungwe a boma, Farmers Marketing Board kenako ADMARC kuyambira 1971, pamtengo woikidwa ndi boma. Ku msika wa m'tauni kunkapita zotsala, masamba, zipatso, nsomba, nkhuku. Mu 1987 boma linalola anthu wamba kugula mbewu kwa alimi, apa mpomwe ogula oyenda ndi sikelo ndi matumba m'midzi anayamba kuchuluka. Matipate atabwera mu 1994 mavenda anadzaza misewu ya mu Limbe ndi mu Blantyre, ntchito zinali zitasowa ndipo geni ndi imene inatsala. Mu 2006 nthawi ya a Bingu wa Mutharika kunabwera Operation Dongosolo, mavenda anachotsedwa m'misewu nkuuzidwa kuti alowe m'misika. Ndiye taganizani, malo ndi omwe aja, anthu ogulitsa tsiku ndi tsiku achuluka, benchi iliyonse ili ndi mwini wake amene amakhalapo chaka chonse. Mlimi wobwera kamodzi pa nyengo akhala pati? Palibe amene anakhala pansi nkumuganizira, ndipo ichi nchimene chimandiwawa, mzinda waukulu chonchija wopanda bwalo loti ili ndi la alimi okhaokha olo tsiku limodzi pa sabata.

Agogo_a_kuBangula

Mwana wanga wa ku Mitondo, amalume akowo sananame. Ine ndinakulira ku Chiromo ndipo sitima imeneyo ndinaikwera ndili mnyamata mpaka ndili ndi ana. Aphunzitsi afotokoza za m'mabuku, ine ndikuuze zimene ndinaona ndi maso.

Sitima ikamachoka ku Nsanje inali itanyamula kale nsomba, pofika pa Bangula ndi Chiromo ndiye madengu okhaokha, milamba yowamba, makakana, zonse za m'dambo la Elephant Marsh, fungo lake mpaka m'zovala. Mbuzi, nkhuku zomanga miyendo, mapira, mchewere, malambe, bwemba. Ikawoloka Shire nkudutsa Makhanga imayamba kukwera motsatira Ruo, pa Sankhulani, Thekerani, Sandama, kumeneko kumakwera nthochi za ku Thyolo mikoko yathunthu, nzimbe, chinangwa, ndiye Khonjeni, Luchenza mpaka Limbe. Sitimayo inali yochedwa zedi, koma mtengo wake munthu wosauka ankautha, ndipo katundu wolemera sankakuvutitsa naye ngati mmene amachitira pa minibasi lero. Malonda ankayambira m'sitima momwemo, ife a nsomba kusinthana ndi a nthochi, ena kugulitsira pawindo pa siteshoni iliyonse, pena umafika ku Limbe dengu litapepuka kale.

Koma ndikuuze chilungamo, usamve ngati kale zonse zinali zokoma. Ngakhale nthawi imeneyo si onse ankalowa mumsika kukayala okha. Amayi a m'tauni ankatidikira pa siteshoni pomwepo, ambiri tinkagulitsa kwa iwowo chifukwa kogona kunali kovuta ndipo umafuna kubwerera ndi sitima yotsatira. Kusiyana kwake nkwakuti unkafika wekha kumene kuli ogula ambiri, wina akakunyoza mtengo umatembenukira kwa wina, ndipo unkaona ndi maso ako mmene nsomba ikugulidwira m'tauni. Pobwerera umauza anzako kumudzi. Lero mtengo wa ku Limbe mumaumva kwa munthu yemweyo amene akufuna kukugulani, nanga angakuuzeni zoona?

Chimene chinatipha ife ndi madzi a 1997 amene anakokolola njanji ndi msewu pa Mtayamoyo pakati pa Bangula ndi Chiromo. Kuchokera pamenepo sitima inkathera pa Makhanga, ife a tsidya lino kuwoloka pa bwato ndi katundu, ndalama ina imeneyo. Kenako madzi a mu Januwale 2015 aja Ruo anasintha njira, Makhanga yomwe inadulidwa. Chiromo amene ndinamudziwa ine, wa masitolo a amwenye, wa siteshoni yodzaza anthu, ana a lero sangakhulupirire. Amwenyewo anachoka kale m'ma 1970 a Kamuzu atalamula kuti azichitira malonda m'mizinda mokha, sitima nayo itasiya ndiye kunangoti zii.

Ine ndikuti pitani mukaone. Olo musapindule kwambiri ulendo woyamba, mudzabwera mukudziwa mtengo weniweni.

Mayi_a_mbatata_Limbe

Takhuta agogo, mwandikumbutsa amayi anga amene ankayenda ndi sitima yomweyo. Ine kwathu ndi kwa Tengani ku Nsanje koma ndimagulitsa ku Limbe, mbatata, chinangwa, nyengo ina maungu, ana ndaphunzitsa ndi geni yomweyi. Achimwene a ku Mitondo ndikuyankhani mosabisa olo zina sizikukomerani, komanso ndiwayankhulireko mavenda poti ine ndi mmodzi wa iwo.

Kuloledwa mumaloledwa, palibe lamulo loti mlimi asagulitse. Koma chotsani m'mutu maganizo oti mukafika nkuyala mbatata pa benchi nkumagulitsa mulu umodziumodzi kwa mabwana. Mabenchi ali ndi eni ake, ndipo olo atakupatsani malo, matumba a gulu lonse mungathe masiku angati mukugulitsa pamulu? Mukagona kuti, mukadya chiyani, kudimba kwatsala ndani? Malo anu inu ndi kopikulitsa, kumene magalimoto amatsitsira katundu m'bandakucha. Ife ogulitsa pamabenchi, a m'misika ya ku Ndirande, Bangwe, Zingwangwa, Chilomoni, amayi ophika mbatata m'misewu, tonse timakumana kumeneko kusanache. Dzuwa likamatuluka malonda enieni amakhala atatha. Amene wafika 9 koloko ndi galimoto yodzaza ameneyo wagwa nayo, agulitsa mtengo wa chisoni kapena agona pa matumba ake kudikira mawa.

Chachiwiri, gawo lililonse mumsika lili ndi komiti yake ndi tcheyamani wake, a mbatata awo, a tomato awo, a nsomba awo. Musanatsitse thumba olo limodzi pitani mukawaone, munene kuti ndife alimi tachokera kwakuti tabwera ndi chakuti. Ndi ulemu chabe koma umakutetezani. Mukapanda kutero mukumana ndi aja amathamangira galimoto isanaime nkuika dzanja pathumba kuti ndagwira, kenako iwowo ndi amene azikambirana ndi ogula, inu eni katundu mwangoima pambali kudikira zimene akupatseni. Khalidwe limeneli ine ndimadana nalo ndipo limatinyozetsa tonse, koma lilipo, ndipo amadziwa kusankha nkhope yachilendo.

Chachitatu werengani ndalama musananyamuke, mulembe papepala. Galimoto kuchokera ku East Bank, ndipo mukudziwa nokha mmene msewu wa Thabwa kupita ku Fatima umavutira malo ena, madalaivala amatchaja poganizira zimenezo. Okweza kumudzi, otsitsa ku Limbe amalipidwa pa thumba, tikiti ya msika, wolondera ngati katundu wagona, chakudya chanu, thiransipoti yobwerera. Ndiye muchotsenso mbatata imene iphwanyike ndi kusupuka panjira poti pansi pa galimoto imapsinjika. Zimene zatsalazo muyerekeze ndi mtengo umene venda akukupatsani pamsewu. Mupeza kuti phindu lilipo koma si lalikulu ngati mmene mumaganizira mukamva mtengo wa mulu m'tauni. Anthu amati mavenda timaba, ena amabadi makamaka pa nkhani ya matumba osokerera ija sindingaikire kumbuyo, koma dziwaninso kuti venda amaika mpamba wake pa chinthu choola, tsiku limene magalimoto afika ambiri nthawi imodzi mtengo umagwa ndipo amalira yekha, mlimi ndalama yake analandira kale dzulo.

Tsopano chimene inu a kuchigwa muli nacho chimene ena alibe ndi nyengo. Mbatata ya kumtunda yolima ndi mvula imadzaza msika miyezi yokolola ija mpaka m'nyengo yozizira, nthawi imeneyo musayerekeze kubwera, mudzangotopa. Koma kukayamba kutentha, Seputembala, Okutobala mpaka mvula yoyamba, ya kumtunda imakhala itachepa, ufa m'nyumba zambiri watha, buledi wadula, banja lililonse m'tauni likufuna mbatata ya tiyi m'mawa. Ya kudimba ya kwathu imatuluka nthawi yomweyo. Chimanga chachiwisi chimodzimodzi. Pamenepo ndiye mumayankhula ndinu.

Tomato ndiye ndikukanizani. Wa ku Bvumbwe ali pafupi, wa ku Ntcheu amabwera wambiri, wanu pofika pa Chadzunda ndi kutentha kuja ndi mabampu wayamba kale kutuluka madzi. Bwerani ndi zinthu zimene kumtunda kulibe kapena nzochepa, masau nyengo yake, malambe, bwemba, chitowe, mapira, mpunga wa ku Muona ndi ku Nkhate, zimenezi sizioola msanga ndipo a kwathu okhala m'tauni amazifunafuna.

Kabaza_wa_paDyeratu

Mayi mwafotokoza bwino ndipo ndakumvani, koma ine mtima ukundiwawa ndi chinthu chimodzi. Chifukwa chiyani nthawi zonse ife ndi amene tizikwera phiri? Makolo anasenza pamutu, agogo anakwera sitima, ife tikwere lole, mpaka liti? Ine ndimanyamula matumba pa njinga yamoto tsiku lililonse kuchoka m'madimba kupititsa pamsewu nde ndimaona mmene katundu amatulukira m'chigwa muno, mbatata, chimanga, mbuzi, ng'ombe za ku Ngabu, shuga wa ku Nchalo, magetsi omwe a ku Kapichira, zonse ulendo wa kumtunda. Mafuta anakwera kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, galimoto ya hayala pano si masewera, gulu la banki m'khonde likangolakwitsa ulendo umodzi mpamba wonse wapita.

Msewu wa M1 ukudutsa pakhomo pathu, aliyense wopita ku Nsanje kapena wobwerera ku Blantyre amadutsa pa Thabwa, pa Dyeratu, pa Nchalo. Chimene tikusowa ndi bwalo limodzi lalikulu lopikulitsira, la shedi yabwino yotchinga dzuwa, sikelo imodzi yovomerezeka yoti aliyense aziona manambala, tsiku lodziwika pa sabata. Alimi a ku East Bank ndi a tsidya lino onse abwere pamenepo, ogula a ku Limbe atsike okha adzapikisane. Ku Bvumbwe ndi ku Lizulu zimatheka bwanji, si ogula amachita kupita okha kumeneko? Venda amatipondereza chifukwa amatipeza mmodzimmodzi kumunda. Ndipo ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation ija yochokera ku Kapichira ikadzayamba kuthirira minda zokolola zidzachuluka kuposa pano, tikapanda kukonza pogulitsira tidzalira ndi zinthu zili m'manja. Makhansala ndi mafumu athu nkhani ndi imeneyi, ndalama za matikiti a m'misika yathu zizibwerera kudzamanga zinthu ngati zimenezi.

Komanso kumbukirani namondwe Ana mu 2022 ndi namondwe Freddy mu 2023 mmene misewu inadukira, munthu amene moyo wake wonse wadalira ulendo wa ku Blantyre masiku amenewo amangokhala manja m'khosi.

Aphunzitsi_Ngabu

Achimwene a pa Dyeratu mfundo yanu ndi yoona ndipo ndi yofunika kuitengera ku makomiti a chitukuko a m'madera, osangothera pano. Chitsanzo tili nacho kale pa ziweto, misika ya ng'ombe ya kuno ogula amachita kutsika okha kuchokera ku Blantyre chifukwa akudziwa tsiku ndi malo, ndipo ikatsekedwa chifukwa cha matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi mabutchala a m'tauni amamva kuwawa. Koma shedi simangidwa mwezi uno, pomwe mbatata ya achimwene a ku Mitondo ili m'nthaka panopa ikudikira khasu. Ziwirizi sizikutsutsana ayi. Gulu limene lapitako ku Limbe nkudziwana ndi ogula ndi lomwelo lingadzawaitane kuti tsikani mudzatipeze pa Thabwa.

mlimi_wakuMitondo

Zikomo kwambiri nonse, takhuta agogo, aphunzitsi mwanditsegula maso, za kwa Katunga zija ndimangodutsapo osadziwa kuti panali doko. Ndawerengera anzanga a gulu zonse zimene mwalemba ndipo tomato tamuchotsa pa mndandanda. Tagwirizana kuti tiyese ndi mbatata yokha, koma amayi ena akuopa kuti tikakumba tonse tsiku limodzi nkukapeza msika wadzaza ndiye tapsa tonse. Mayi a ku Limbe tithandizeni pamenepa, tingadziwe bwanji tsiku labwino? Komanso matumba tigwiritse ati, omwe aja osokerera kapena wamba? Ndipo ndalama timalandira pompo kapena amayamba agulitsa kaye?

Mayi_a_mbatata_Limbe

Amayi akuopawo akuganiza bwino, muwamvere. Musakumbe kaye. Tumizani anthu awiri okha opanda katundu, mwamuna ndi mayi, akwere minibasi akagone kwa achibale, m'bandakucha akaime kopikulitsa angoyang'ana. Aone magalimoto akuchokera kuti, thumba la msinkhu wanji likupita pa zingati, ndani akugula matumba ambiri, akaonane ndi a komiti, atenge manambala a foni a ogula atatu kapena anayi osati mmodzi. Apite ku Limbe komanso ku Blantyre poti mitengo simafanana tsiku lililonse. Ndalama ya ulendo umenewo musaione ngati yotayika.

Mukabwerera, tsiku lokumba muzipangana ndi ogulawo pafoni, muwafunse kuti msika uli bwanji sabata ino, kwabwera katundu wambiri kapena ayi. Mukafunsa anthu angapo osiyana bodza limaonekera. Kumapeto kwa mwezi anthu akalandira malonda amathamanga, pakati pa mwezi amazizira, zimenezonso muziziwerengera. Ndipo ulendo woyamba musakumbe munda wonse, aliyense aikeko matumba ochepa, ina itsale m'nthaka, kumeneko siiwonongeka msanga ngati mmene imachitira ikakhala m'thumba.

Kukumba kumbani madzulo kapena m'mawa kwambiri, isakhale padzuwa, ndipo musaitsuke, yotsuka imaola msanga, ingoigwedezani dothi. Sankhani, zikuluzikulu pazokha, zapakati pazokha, zing'onozing'ono ndi zotemeka ndi khasu zisiyeni kunyumba mudye kapena mupange makaka. Chonde musachite zija zoika zazikulu pamwamba zonyozeka pansi, timakhuthula thumba pamaso panu ndipo mukagwidwa kamodzi dzina la gulu lanu laipa msika wonse, pomwe mukakhala okhulupirika ogula adzayamba kukuimbirani okha. Mitundunso musasakanize, yofiira mkati ija ili ndi oikonda ake makamaka a ana, koma ambiri a tiyi amafuna youma yaufa, thumba losakaniza limagwa mtengo.

Za matumba, msika unazolowera osokerera, mukabwera ndi ang'ono okhaokha ena adzakunyozerani mtengo. Chofunika nchakuti matumba anu onse akhale ofanana msinkhu ndipo inuyo mudziwe kuti thumba limodzi mwalowa ndowa zingati, muyeze nokha kumudzi. Mukatero pokambirana mtengo mumadziwa chimene mukugulitsa, wina akati thumba lachepa mumamuuza kuti muli ndowa zakuti, tiyeze. Pa thumba lililonse lembani chizindikiro cha mwini wake ndipo mlembi wa gulu akhale ndi kope, ndaona magulu akudana pobwerera chifukwa chosadziwa kuti thumba lotsika mtengo lija linali la ndani.

Ndalama ndi pompo. Wina adzakuuzani kuti nditenge ndikagulitse mudzatenge madzulo, ena ndi okhulupirikadi ndipo ife timachitirana tokhatokha odziwana, koma inu simukumudziwa aliyense, madzulo mudzamufuna osamupeza. Thumba lisachoke pamalo ndalama isanalowe. Ndipo ndalama zambiri musayende nazo m'thumba mu Limbe muja, ikani ku Airtel Money kapena Mpamba pomwepo, uthenga muuone pafoni yanu osati pa foni ya wogula, muonenso kuti balansi yakweradi.

Galimoto yang'anani imene imabwera kuchigwa ndi katundu wa m'masitolo nkumabwerera yopanda kanthu, imeneyo mumagwirizana motchipa kusiyana ndi kuitana ya hayala kuchokera ku Blantyre. Muuzeni dalaivala kuti mukufuna kufika kusanache, anyamuke usiku ndithu poti chitunda cha Thabwa ndi katundu wolemera amakwera pang'onopang'ono. Tengani majuzi, kumtunda m'bandakucha kumazizira ife a kuchigwa sitinazolowere. Anthu awiri aja akakonzeka ndilembereni ku inbox, ndidzawadikira ndikawaonetse kwa a komiti ya mbatata.